Disiki Ikamangotuluka mu Seva ya Pakhomo, Musathamangire Kugula Ina

Vutoli limayamba mwakachetechete. Seva yanu, kaya ndi kabokosi ka NAS (kosungira mafayilo pa netiweki ya pakhomo) kogula kopangidwa kale kapena kompyuta yakale imene munaisandutsa nkhokwe ya mafayilo, yakhala ikuyenda bwinobwino miyezi ingapo. M'mawa wina mukupeza kanyali kofiira kakuphethira, uthenga ukuti disiki imodzi yasowa. Mukazimitsa n'kuyatsanso, disiki ija yabwerera ngati sinachoke n'komwe. Mukuibwezera m'gulu la zinzake, mtima pansi. Pakupita sabata ziwiri, yasowanso.

Ambiri apa timagamula mlandu tisanaumve: disiki yafa. Inenso ndinatero. Ndinagula yatsopano, ndinaiika pamalo pa yakale, ndinadikira usiku wonse kuti seva imange gulu lake, ndipo pasanathe mwezi yatsopanoyo inatulukanso, pamalo omwe aja. Nditatsegula bokosi ndi kuunika ndi tochi, ndinapeza kachingwe kogawa magetsi ku madisiki anayi, pulasitiki yake itada ngati yawauka, mawaya ake akugwedera ndikangowakhudza. Disiki imene ndinaiweruza kuti yafa ija ikugwirabe ntchito mpaka lero m'makina ena. Chiyambireni tsiku limenelo, disiki ndimailoza chala pomaliza, zina zonse zitayera.

Musanakhudze kanthu

Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Gulu la madisiki likataya imodzi, mafayilo anu ndiye mkhatewo, ndipo chilichonse chimene mungachite mopupuluma chikhoza kuuswa. Ngati ndi RAID 5 kapena RAIDZ1, mitundu ya gulu imene imapirira kutaya disiki imodzi yokha, chitetezo chanu chatha kale: disiki yachiwiri ikangotsokomola, zonse zapita. Choncho ntchito yoyamba si kukonza ayi, koma kukopera. Tengani disiki yapadera, muikemo zinthu zimene simungazipezenso kwina, monga zithunzi za banja, zikalata ndi ntchito zanu. Makanema otsitsa pa intaneti adikire. Kumanganso gulu kumakakamiza madisiki otsalawo kuwerenga malo awo onse kwa maola ambiri osapuma, ndiye ngati pali ina imene inali kudwala mobisa, imaonekera nthawi yomweyo.

Chachiwiri, dziwani bwino disiki imene yatuluka. Mayina ngati sda ndi sdb pa Linux si okhazikika. Lero sdc ndi iyi, mukayatsanso mawa sdc ndi ina. Anthu ataya mafayilo onse chifukwa chozula disiki yabwino m'malo mwa yodwala. Yang'anani mu /dev/disk/by-id, kapena pa tsamba la NAS yanu, mulembe nambala ya siriyo papepala, kenako mufananize ndi imene yasindikizidwa pa disikiyo. Ine ndimamata katepi kutsogolo kwa disiki iliyonse, polembedwa manambala anayi omalizira. Ndi ntchito ya mphindi zisanu imene imapulumutsa mtima tsiku la mavuto.

Disikiyo ifotokoze yokha

Disiki iliyonse imasunga mbiri ya thanzi lake, yotchedwa SMART. Pa Linux mumaiwerenga ndi smartctl -a, pa Windows pulogalamu ya CrystalDiskInfo imachita zomwezo, ndipo ma NAS ambiri amaionetsa pa tsamba lawo. Musakhutire ndi liwu loti PASSED lomwe limakhala pamwamba. Liwu limenelo limasintha mochedwa kwambiri, nthawi zambiri disiki ili kale kumanda. Tsikirani pansi, pa mizere ya manambala.

Nambala 5 imawerenga tizigawo ta disiki timene tinawonongeka ndipo tinalowedwa m'malo ndi tosungira. Nambala 197 ndi tizigawo timene disiki yalephera kuwerenga ndipo ikudikira kuona ngati tingachire. Nambala 198 ndi 187 zimanena za zolakwa zimene sizinakonzeke. Kampani ya Backblaze, imene imayendetsa madisiki ochuluka zedi ndi kufalitsa malipoti a mmene amafera, imayang'anira manambala amenewa pamodzi ndi 188. Ngati manambalawa achoka pa 0 ndipo akukwera sabata ndi sabata, basi, disikiyo ikudwaladi, ndipo nkhani yanu yathera pomwepa: isinthidwe.

Koma nthawi zambiri mupeza onsewo ali pa 0, pomwe nambala 199 ili m'mazana kapena m'masauzande. Imeneyo ndi nkhani ina. Nambala 199 imawerenga nthawi zimene uthenga unasokonekera panjira, pakati pa disiki ndi motherboard. Mbale za m'kati mwa disiki zilibe mlandu apa. Wolakwa ndi chingwe, kapena port, kapena bolodi la kumbuyo limene madisiki amalowamo m'mabokosi okhala ndi matireyi. Dziwaninso kuti nambalayi sibwerera pa 0 ngakhale mutakonza vuto. Ndiye lembani pamene yafika lero, musinthe chingwe, mudzaonenso pakapita masiku. Ikaima pomwepo, mwachiza.

Chenjezo limodzi kwa amene ali ndi madisiki a Seagate: pa nambala 1 ndi 7 mudzaona manambala aakulu mochititsa mantha. Ndi mmene kampaniyo imalembera, si matenda.

Pali manambala ena awiri amene anthu sawalabadira, koma ine ndimawakonda: 12, wowerenga kangati disiki yayatsidwa, ndi 192, wowerenga kangati mutu wowerengera unabwezedwa magetsi atathima. Fananizani ndi madisiki anzake amene munawaika tsiku limodzi. Ngati anzake ayatsidwa ka 40 koma iyi ka 300, pomwe seva simuizimitsa, ndiye kuti magetsi akumadukira disikiyo yokha. Tifika kumeneko.

Pomaliza pa gawoli, ilamuleni idziyese yokha ndi smartctl -t long. Imawerenga malo ake onse, ndipo ya 8TB imatha maola opitirira khumi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, musaidukize.

Vuto likutsata disiki kapena likutsala pamalo?

Funso limeneli ndiye mtima wa nkhani yonse, ndipo kuliyankha sikulira ndalama. Zimitsani seva, musinthanitse disiki yovutayo ndi ina yabwino: iyi ipite pa chingwe ndi port ya inzake, inzakeyo ibwere apa. ZFS ndi mdadm, mapulogalamu omanga magulu a madisiki, zimazindikira madisiki potengera zolembedwa mkati mwake, osati malo amene alumikizidwa, choncho gulu silisokonezeka. Ngati muli ndi khadi la RAID lakale kapena NAS yogula, yambani mwawerenga buku lake, poti safunsa anadya phula.

Kenako dikirani. Vuto likasamuka ndi disiki, disiki ndiyo yolakwa. Likatsala pamalo akale n'kugwira disiki imene inali yabwinobwino, mlandu uli pa chingwe, port kapena magetsi a pamalopo. Chachikulu n'chakuti musinthe chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Ndikudziwa chilakolako chake: bokosi latsegulidwa kale, bwanji osangosintha chingwe, port ndi magetsi zonse kamodzi? Mukatero vuto likhoza kutha, inde, koma simudzadziwa chinalipangitsa, ndipo chinthu chowonongekacho mudzachisunga m'dirowa n'kudzachigwiritsanso ntchito chaka chamawa.

Uku mukudikira, werengani zimene Linux imalemba ndi lamulo la dmesg. Mawu oti hard resetting link, SATA link down, BadCRC kapena ICRC amaloza panjira. Mukaona limiting SATA link speed to 3.0 Gbps, ndiye kuti makina atopa ndi zolakwa pa liwiro la 6 Gbps ndipo adzichepetsera okha. Mawu oti UNC kapena medium error ndiwo amaloza mbale za disiki.

Zingwe za SATA n'zotchipa ndipo n'zosalimba. Lamulo lake silipitirira mita imodzi, ndipo chachifupi ndicho chabwino. Chikapindidwa mwamphamvu pafupi ndi mutu wake, kapena chikapanikizidwa ndi chivundikiro cha bokosi, chimayamba kuvuta. Gulani zokhala ndi kachitsulo kogwirira, zimene zimalira kuti tapa mukazilowetsa. Ndipo musazimange thithithi ndi mawaya a magetsi pofuna kuti mkati muoneke mwaudongo. Kugwedezeka kwa madisiki kumakoka mutu wa chingwe pang'onopang'ono mpaka kumasuka.

Magetsi

Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene pamabisala mavuto ambiri a anthu amene angowonjezera madisiki.

Disiki ya mainchesi 3.5 ikamazungulira bwinobwino imadya mawati osakwana khumi. Koma pamasekondi oyamba, pamene mota ikudzutsa mbale, imakoka pafupifupi 2A pa 12V. Madisiki asanu ndi atatu akadzuka limodzi, ndiye 16A, pafupifupi mawati 190, kuphatikiza pa zimene purosesa ndi zina zikufuna. Power supply yaing'ono kapena yokalamba imagwada pamenepo, magetsi amatsika kwa kamphindi, ndipo disiki imodzi, kawirikawiri ya kumapeto kwa chingwe, imalephera kudzuka kapena imadzuka n'kugwanso. Mukatchera khutu mumamva: mota ikuyamba kulira, kenako kaphokoso koti kwe, zii, n'kuyambiranso. Ngati madisiki anu amagona akakhala osagwira ntchito, zimenezi zimachitika nthawi iliyonse akadzutsidwa, n'chifukwa chake vuto limaoneka ngati lilibe nthawi yake. Kawirikawiri limagwa usiku, pamene ntchito yoyendera mafayilo onse yayamba.

Ngakhale power supply ikhale yamphamvu, njira imene magetsi akudutsa ili ndi malire. Pulagi imodzi ya SATA ili ndi timapini titatu ta 12V, kalikonse kopirira 1.5A, zonse pamodzi 4.5A. Mukalumikizapo chogawira madisiki anayi, podzuka akufuna 8A kudzera pamalo opangidwira 4.5A. Ndi zimene zinawaula kachingwe kanga kaja. Chogawira chisadyetse madisiki opitirira awiri pa pulagi imodzi, ndipo madisikiwo muwagawe pa zingwe zosiyana zochokera ku power supply. Zosinthira Molex, pulagi yakale ya mapini anayi, kupita ku SATA zimene mawaya ake anaumbiridwa mkati mwa pulasitiki zili ndi mbiri yoyaka moto. Zimene mawaya ake amaoneka akulowa limodzilimodzi m'timabowo ndizo zodalirika. Makhadi ena ndi ma BIOS ena amalola kuti madisiki azidzuka motsatizana, ndipo ngati anu ali ndi zimenezo, ziyatseni.

Cholakwa chimodzi sichikhululuka. Ngati mwasintha power supply yokhala ndi zingwe zozula, musasiye zingwe za yakale n'kuzilowetsa mu yatsopano. Mapulagi amakwanira bwinobwino, koma kasanjidwe ka mawaya kumbali ya power supply kamasiyana kampani ndi kampani, ngakhalenso pakati pa mitundu ya kampani imodzi. Zotsatira zake ndi 12V kulowa pamalo a 5V, ndipo madisiki onse amapsa kamodzi, m'kuphethira kwa diso.

Pali vuto lina la magetsi losiyana pang'ono: disiki yatsopano siioneka n'komwe, mota siilira, koma mukaiika m'kabokosi ka USB ikugwira ntchito. Izi zimachitikira kwambiri madisiki aakulu ochotsedwa m'mabokosi a USB. Kuyambira pa SATA 3.3, imene inatuluka mu 2016, pini yachitatu ya pulagi ya magetsi inapatsidwa ntchito yatsopano: ikalandira magetsi, disiki imazima. Ma power supply akale amatumizabe 3.3V pa pini imeneyo nthawi zonse, ndiye disiki imangokhala yozimitsidwa. Mankhwala ake ndi katepi kakang'ono ka Kapton, kopyapyala ndi kopirira kutentha, kophimba piniyo, kuwerenga kuchokera kumbali yoyandikana ndi chingwe cha data. Ngati dzanja likunjenjemera, phimbani timapini titatu toyambato tonse. Madisiki amenewa sagwiritsa ntchito 3.3V.

Zimene munawonjezera posachedwa

Dzifunseni chimene munasintha vuto lisanayambe. Ma motherboard ambiri amagawana njira pakati pa malo a M.2 ndi ma port ena a SATA, kotero mukaika SSD yatsopano pa M.2, port imodzi kapena ziwiri zimazimitsidwa. Palibe chawonongeka, buku la motherboard limanena zimenezi, kungoti m'timalemba ting'onoting'ono.

Makhadi owonjezera ma port ndi nkhani ina yowawa. Khadi lotchipa lolonjeza ma port 10 kapena 16 pa kamalo kakang'ono ka PCIe nthawi zambiri limakhala ndi chipi cha ma port ochepa, otsalawo n'kuchulukitsidwa ndi port multiplier. Madisiki angapo amapanikizana panjira imodzi, ndipo imodzi ikachedwa kuyankha, anzake onse a panjirayo amagwa nayo limodzi. Mukaona madisiki awiri kapena atatu akutuluka sekondi imodzi, kayikirani khadi. Ambiri amene amamanga ma seva a pakhomo amathawira ku makhadi a LSI, monga 9211-8i, oikidwa mu IT mode kuti azingopereka madisiki osachita RAID yawoyawo. Ndi abwino, koma anapangidwira mabokosi a ma seva aakulu momwe mphepo imawomba mwamphamvu. M'bokosi la pakhomo amatentha moti simungagwire chitsulo chake, ndipo akatentha amayamba kutaya madisiki. Kafani kakang'ono komangirira pa chitsulocho kamathetsa nkhani.

Madisiki nawonso safuna kutentha. Nambala 194 ikuuzani. Ambiri amaloledwa kufika madigiri 60, koma ine ndikaona apitirira 45 ndimayamba kufufuza fumbi pa sefa ndi fani imene yaima. Disiki ya pakati pa mulu ndiyo imapsa kwambiri.

Disiki yabwino, koma yosayenera ntchitoyi

Tinene kuti SMART ndi yoyera, zingwe ndi zatsopano, magetsi ali bwino, koma vuto likutsatabe disiki imodzi, makamaka pamene mukulemba zinthu zambiri kapena pomanganso gulu. Apa yang'anani mtundu wa disikiyo.

Madisiki ena amalemba mwa njira ya SMR. Mizere yake imasanjikizana ngati malata a padenga, ili likuphimba m'mphepete mwa linzake, kuti mulowe zambiri. Kuwerenga kulibe vuto. Koma kusintha mzere umodzi kumafuna kulembanso oyandikana nawo, ndiye disiki imayamba yasunga zolembedwazo pamalo apadera, n'kumazisanja ikapeza mpata. Pa kompyuta ya pa desiki mpatawo umapezeka. Pomanganso gulu supezeka, chifukwa kulemba sikuima kwa maola ambiri. Malo apadera aja akadzaza, disiki imachedwa koopsa, nthawi zina kukhala chete kwa masekondi ambirimbiri, ndipo seva imaganiza kuti yafa. Mu 2020 zinadziwika kuti madisiki ena a WD Red, a 2TB mpaka 6TB, anali a SMR ngakhale ankagulitsidwira ma NAS, ndipo pambuyo pa madandaulo kampaniyo inayamba kutcha a CMR, amene mizere yake siisanjikizana, dzina loti Red Plus. Choncho musadalire dzina kapena mtundu wa pepala la pamwamba. Tengani nambala yonse ya modelo, mufufuze pa tsamba la kampani ngati ndi CMR. Ikapezeka kuti ndi SMR, palibe chokonza. Ipatseni ntchito ina, monga kusungira makope, m'gulumo muikemo ya CMR.

Chinanso ndi nthawi imene disiki imalimbana ndi kachigawo kovuta kuwerenga. Disiki ya pa desiki imaganiza kuti ili yokha padziko, ndiye imayesa mobwerezabwereza, nthawi zina kupitirira mphindi yathunthu. Linux imadikira masekondi 30 okha, ikatero imadula kulumikizana, ndipo disiki imachotsedwa m'gulu chifukwa cha kachigawo kamodzi, kamene gululo likanatha kukakonza mosavuta kuchokera ku madisiki ena. Madisiki a NAS amagonja msanga, pa masekondi 7, n'kunena kuti ndalephera. WD imatcha zimenezi TLER, Seagate imati ERC. Funsani disiki yanu ndi smartctl -l scterc. Ikalola, ikani ndi smartctl -l scterc,70,70, podziwa kuti madisiki ambiri amaiwala akazimitsidwa, ndiye lamulolo lizithamanga nthawi iliyonse seva ikayaka. Ikakana, chitani mobwerera: uzani Linux idikire nthawi yaitali, polemba 180 mu /sys/block/sda/device/timeout, kusintha sda kukhala dzina la disiki yanu.

Za USB sinditaya nthawi. Port ya USB 3.0 imapereka 900mA, pomwe disiki ya mainchesi 2.5 imafuna pafupifupi 1A podzuka. Raspberry Pi 4 imapereka 1.2A yokha pa ma port ake onse anayi pamodzi. Onjezani timabokosi timene timagona tokha ndi zingwe zomasuka zikangokhudzidwa, muona chifukwa chake gulu la madisiki omangidwa pa USB limangogwa. Hub yokhala ndi magetsi akeake imathandiza. Koma ine USB ndimaisiyira disiki ya makope, osati gulu lenileni.

Ndipo ngati lamulo la ZFS la zpool status likuonetsa zolakwa za CKSUM, kutanthauza kuti zowerengedwa sizikufanana ndi zimene zinalembedwa, pa madisiki onse mofanana, siyani madisikiwo. Sangadwale onse tsiku limodzi. Chimene amagawana ndicho chikudwala: khadi, power supply, kapena RAM. Thamangitsani pulogalamu yoyesa RAM ya Memtest86+ usiku wonse, makamaka ngati munawonjezera RAM posachedwa kapena munayatsa XMP, imene imawonjezera liwiro la RAM.

Ikakhaladi disiki

Mukafika pogula ina, musaiponye m'gulu tsiku lomwe yafika. Madisiki ena amabwera atavulala panjira ndipo amafa m'masabata oyamba. Ilumikizeni payokha, lembani manambala ake a SMART, ichite mayeso aatali aja, ndipo ngati muli ndi masiku angapo, idzazeni yonse n'kuiwerenganso ndi badblocks -w, lamulo limene limafafaniza chilichonse, ndiye onetsetsani kawiri dzina la disiki musanadine. Manambala 5, 197 ndi 198 akakhalabe pa 0, ilowe.

Yakaleyo, ngati ikupumabe ndipo muli ndi port yotsala, musaizule kaye. Lumikizani zonse ziwiri, mugwiritse ntchito zpool replace kapena mdadm --replace. Mukatero seva imakopera yakale ili pomwepo, ndipo ikakumana ndi kachigawo kosawerengeka pa disiki ina iliyonse, imakhala ndi kwina kotenga. Ntchito ikatha, thamangitsani scrub, ntchito yoyendera mafayilo onse ija, mufananize nambala 199 ya madisiki onse ndi imene munalemba papepala paja, kenako mumate katepi ka siriyo pa disiki yatsopanoyo musanatseke bokosi.